Unadumphiranji pa Denga la Galaja?

Duluth, Lamlungu, 19 Febuluwale 2006

Zaka za Tessa: 6, ndi miyezi 4
Kulemera kwake mu Meyi chaka chatha: mapaundi 44
Kulemera kwake Lachisanu lapitali: mapaundi 63
Zowonjezereka: 19
Mitundu ya mankhwala amene akumwa: 3
Mapiritsi pa tsiku: 7. Pa mlungu: 49
Maola ogona pa tsiku: 13, nthawi zina 14
Ukali waukulu pa mlungu asanayambe mankhwala: 9
Ukali waukulu pa mlungu tsopano: 4
Madokotala a maganizo amene amuona: 2
Zimene awiriwa agwirizana: 0
Masiku otsala kuti afike 9 Malichi: 18

Wokondedwa mwana wanga Curtis,

Ndikudziwa kuti waseka utaona ziwerengero pamwambapo, ndipo wati amayi sadzasintha. Seka, koma usazidumphe. Tibwererako.

Uli bwanji ku Kodiak? Manja aja akunjenjemerabe m'mawa? Magazi unakayezetsa monga unalonjezera pa khadi la Khirisimasi? Ine ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere limene layamba kudana ndi masitepe. Chipale chofewa pakhomo akundichotsera ndi mkamwini, Darrel, akaweruka kuchotsa cha m'misewu ya boma. Mlongo wako Renee ali moyo, koma sindinganene kuti ali bwino. Kakhanda kawo Owen kamera mano anayi.

Foni ndaimba katatu, sunayankhe. Sindikudandaula, ndikudziwa kuti nyengo ino mabwato amakubweretsera mainjini ofa usana ndi usiku. Komanso nkhaniyi ndikufuna uiwerenge kawiri usanatsegule pakamwa.

Ndi nkhani ya Tessa, mwana wa mlongo wako, amene sunamuonepo ndi maso koma chithunzi chake chili pa firiji yako, ngati sunandinamize.

Ndiyamba ndi zoipa, kuti usati agogo akuona mngelo pamene pali mwana wovuta. Tessa ndi wovuta. Chiyambire ali ndi zaka zitatu, ukali wake si wa ana ena. Kapu ikakhala yobiriwira pamene iye amafuna yofiira, amatha kukuwa ola lathunthu, kumenyetsa mutu pansi, kuluma aliyense womugwira. Renee amangoti, "Namondwe wafika," ndipo aliyense m'nyumba amadziwa zochita: kubisa mipeni ndi mafoloko, kukhoma chitseko cha chipinda chapansi. Namondwe akapita mwana amalira, kupepesa, n'kumafunsa ngati tikumukondabe.

Mu Epulo chaka chatha tinali pa msewu waukulu, Renee akuyendetsa, mimba ya Owen ili ya miyezi isanu ndi itatu. Tinadutsa sitolo ya madonasi osaima. Tessa anamasula lamba n'kutsegula chitseko galimoto ili pa liwiro. Ndinamugwira kolala ya jekete mwendo umodzi uli kale kunja. Anandiluma padzanja, chipsera chilipo. Renee anaimika galimoto m'mbali mwa msewu n'kusanza. Choncho zimene uwerenge m'munsimu usaweruze nazo mlongo wako.

Mwezi wotsatira anapita naye kwa a Dokotala Feld, oona za maganizo a ana. Renee anadzaza mapepala a mafunso, adokotala anakhala ndi mwana mphindi 35, n'kutuluka ndi dzina la matenda. Akuti ndi baipola. Matenda ako omwewo, Curtis, amene pa nthawi yako ankawatchula ndi dzina lina lalitali.

Ndinapempha kulankhula nawo. Ndinawauza kuti ndaphunzitsa masamu kusekondale zaka 34, ndalera mwana wodwala matendawa, ndipo ndikudziwa kuti amagwira munthu atasinkhuka. Ndinawafotokozera mmene unalili ku koleji uli ndi zaka makumi awiri: milungu itatu osagona, ukujambula pakhoma mlatho woti uoloke nyanja yonse, kenaka miyezi iwiri uli gone, osafuna ngakhale kusamba. Ndinati Tessa sanakhalepo chomwecho ndi tsiku limodzi lomwe.

Sanandinyoze. Anandipatsa mpando, nati, "Mayi Halvorsen, zimene mukunenazo ifenso ndi zimene tinaphunzira. Koma tinkaphonya ana ambiri. Mwa mwana matendawa sadikira milungu, amakwera ndi kutsika kangapo pa tsiku limodzi, ndipo amaoneka ngati ukali. Mukawalekerera amazika mizu. Nanga mwana wanuyo akanathandizidwa ali wamng'ono, bwenzi atavutika chomwecho?"

Funso limenelo ndinapita nalo kunyumba, ndipo ndili nalobe.

Mankhwala anayamba ndi mtundu umodzi, mu Ogasiti unabwera wachiwiri, mu Okutobala wachitatu woti azigona. Ndisaname, anagwira ntchito. Kuchoka pa 9 kufika pa 4 si nthabwala kwa mayi amene ali ndi khanda kumanja. Renee anayambiranso kupesa tsitsi. Darrel anasiya kugona pansi pafupi ndi chitseko cha chipinda cha khanda.

Koma mwana amene amabwera kwa ine Loweruka lililonse anayamba kuchepa, ngakhale thupi likukula. Tessa ankanditcha Agogo Masamu. Ankalowa m'nyumba akufuula kuti, "Agogo Masamu, ndifunseni lovuta, osati la makanda!" Ankajambula mahatchi pa chilichonse, ngakhale kumbuyo kwa makalata anga a msonkho. Tsopano pensulo imamugwa m'manja. Amakhala phee pampando, kukamwa yasa, malovu pachibwano. Njala yokha ndiyo simutha. Pa phwando la Chiyamiko mu Novembala anadya mbale ziwiri za nkhukundembo n'kugona tsaya lili m'mbatata. Achibale a Darrel anaseka, wina anajambula chithunzi. Ine ndinapita kukhitchini kukatsuka mbale zotsuka kale.

Tsiku lina ndikumumangira zingwe za nsapato anandiuza kuti, "Agogo, mukudziwa? Ubongo wanga uli ndi matenda a amalume aja osatchulidwa." Ndinati amalume ako ali ndi dzina, ndi Curtis. Anayang'ana kuchitseko kaye, kenaka analitchula monong'ona, ngati akutukwana m'tchalitchi.

Mu Januwale dokotala wa ana wa masiku onse anamuyeza magazi, zotsatira sizinamusangalatse, ndipo anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Minneapolis. Kumeneko tinapeza a Dokotala Okada, mayi wamfupi wosafulumira kulankhula. Anationa maulendo atatu. Anakhala pansi pa kapeti ndi Tessa, analankhula ndi aphunzitsi ake pa foni, Darrel anamufunsa payekha.

Funso lawo linali limodzi, lobwerezabwereza. Kodi mwanayu anakhalapo masiku angapo motsatizana akugona pang'ono koma osatopa, ali wosangalala mopyola muyezo, akudziona ngati munthu wamkulu kuposa onse? Renee anati amakwiya tsiku lililonse. Iwo anati, "Ndamva, mayi, koma si zimene ndafunsa." Renee anaganiza, n'kuvomera kuti ayi.

Pa ulendo wachitatu anati, "Mwana wanu akuvutika, zimenezo sindikutsutsa, ndipo si kulera koipa. Koma dzina limeneli ine sindingalilembe. Ana okwiya chonchi ambiri sakula n'kukhala ndi baipola. Ena inde. Panopa sindikumuona n'komwe, ndikuona mankhwala atatu." Akufuna amugoneke m'chipatala milungu itatu, amuchotsere mankhwalawo pang'onopang'ono anamwino akumuyang'anira, kuti aone mwana amene ali pansi pake. Bedi lipezeka pa 9 Malichi. Tikalikana lipita kwa wina, ndipo mzere wake ndi wa miyezi.

A Feld atamva anati zimenezo n'zoopsa, n'chimodzimodzi kuchotsa makwerero munthu ali pamwamba. Iwo akuti anamondwe anayi pa mlungu akadali ambiri, ndipo nthawi yakwana yowonjezera mankhwala achinayi. Ndi lithiyamu, Curtis. Yemwe uja umamwa iwe. Akufuna ayambe mlungu womwewo.

Pobwerera m'galimoto Darrel anamenya chiwongolero nati, "Awiriwa anaphunzira sukulu imodzi koma? Wina akuti thira mafuta, wina akuti khuthula thanki yonse. Makaniko atandiuza chonchi ndingakwere basi!" Palibe anaseka. Darrel wanena kuti atsatira chimene Renee asankhe, chifukwa iye amakhala panja ndi chipale maola khumi ndi awiri, wolumidwa ndi mkazi wake.

Tsopano ndafika pa iwe.

Madokotala onse awiri anafunsa ngati m'banja muli wodwala matendawa. Pa pepala la a Feld, Renee analemba kuti: malume wa mwana, anayamba ali ndi zaka 7. A Feld anatsamira kwambiri pa mzere umenewo. Anati ngati m'magazi mwanu matendawa amabwera msanga, palibe chodikira. A Okada atauwerenga anakweza mutu n'kufunsa kuti, "Zaka zisanu ndi ziwiri, akutero ndani?" Renee anati ndine. Ine ndinati zinali zaka makumi awiri. Tinayamba kukangana pomwepo, pamaso pa mlendo, ngati ana olimbirana mpando wakutsogolo.

Nkhani yake ndi ya denga la galaja. Ukukumbukira tsiku limene unatulukira pazenera la chipinda chako, n'kuyenda padenga, n'kudumpha, n'kuthyoka kakolo.

Mmene ndimakumbukira ine ndi motere. Kunali chipale. Bambo ako anali atachiunjika m'mbali mwa galaja. Anyamata onse a mumsewu mwathu ankamanga nsalu m'khosi n'kumadumpha pa chilichonse, motengera za pa wailesi yakanema. Gary wa kwa a Niemi anakuputa kuti ndiwe wamantha, iwe unadumpha n'kuphonya muluwo. Unalira, bambo ako anakukalipira, tinapita kuchipatala. Basi.

Renee akuti ayi. Akuti chipale chinali chisanagwe, pansi panali simenti yokhayokha. Akuti Gary kunalibe. Akuti masiku atatu m'mbuyo mwake sunagone, iye ankakumva kudzera pakhoma ukuyendayenda ndi kudzilankhulira. Akuti unaima padenga nkhope ikuwala, n'kumuuza kuti, "Yang'ana, Renee, ine si munthu ngati inu, pansi sipangandikoke." Ndipo akuti utagwa sunalire, unaseka.

Ndinati iwe unali ndi zaka zisanu, ungakumbuke chiyani? Anati, "Ndinali panja, Amayi. Inu munali m'khitchini mukuchonga mayeso a ana a eni."

N'zoona. Ndinatuluka nditamva kukuwa, ndipo mpaka lero sindingalumbire kuti anakuwayo unali iwe kapena iye.

Ukundidziwa. Ndinatsika kuchipinda chapansi, bondo likudandaula, ndinakatulutsa buku la ndalama la chaka chimenecho. Ndinapeza mzere wake: 9 Novembala 1974, chipatala, chikhakha cha mwendo wa Curtis, madola 38. Mzere wapamwamba ndi mkaka, wapansi ndi malasha a chitofu cha agogo ako. Za chipale palibe, za Gary palibe, za nkhope yako palibe. Ndinapita ku laibulale kukapukusa nyuzipepala zakale pa makina aja opweteka maso. Zikuti mlungu umenewo chipale chinagwa pang'ono. Pang'ono! Ndikanakhala mphunzitsi wa mtolankhani ameneyo ndikanamulembera ndi inki yofiira kuti, pang'ono ndi mainchesi angati? Bambo ako anapita ndi zimene anaona. Gary anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto, ndinakuuza. Mabuku 41 ali m'chipinda chapansi, ndipo palibe ndi limodzi lomwe lingandiyankhe.

Dzulo, Loweruka, anabwera onse kudzadya nkhomaliro. Titadya, Darrel anatuluka kukachotsa chipale panjira, Owen anagona, Tessa tinamusiya pa sofa maso ali tseke. Ine ndi Renee tinali kukhitchini. Ndinangoti, bwanji tiyese milungu itatuyo, ngati sizitheka mankhwala sathawa. Ndinalankhula mofatsa, ndikhulupirire.

Anaika chikho pansi. Anati, "Amayi, inu munkawerenga masokosi ake, mabisiketi a m'chitini, mphindi zimene wachedwa kusukulu. Koma kuti mwana sakugona simunaone. Ndinaona ndine, kamwana ka zaka zisanu, ndipo palibe anandifunsa."

Ndinati unali mwana wofatsa, wokonda kumasula mawotchi.

Anati, "Wofatsa masana. Munataya mmodzi, tsopano mukufuna nditaye wanga?"

Ndinati sindinataye munthu, Curtis ali ku Kodiak, akukonza mainjini, amalipira lendi, ali ndi mkazi womukonda.

Anati, "Ine ndinamutaya."

Sindikukumbutsa izi kuti ndikupweteke. Ukudziwa zimene zinachitika pa ukwati wake utasiya mankhwala: mawu ako aja pa chimkuzamawu, galimoto yawo imene unathawa nayo, apolisi m'malo mwa magule. Unapepesa m'makalata anayi. Anayi onse ali nawo, ndinawaona m'kabati yake, sanawataye. Koma zaka zisanu ndi zinayi zapita osamva mawu ako, ndipo mantha amene anamulowa tsiku limenelo sanatuluke. Akamuyang'ana Tessa akukuwa, amaona iwe uli ndi chimkuzamawu m'manja. Anandiuza kuti, "Ndilolera akhale wonenepa ndi waulesi, bola ndisadzamuyendere kundende kapena kumanda."

Tinabwerezanso za denga, mokweza. Nsalu m'khosi, simenti, pansi sipangandikoke, zonse. Tinaiwala kuti m'nyumba ino mawu amayenda m'mapaipi otenthetsera nyumba mpaka zipinda zonse, iwe ukudziwa, unkamvera momwemo za mphatso za Khirisimasi.

Chimene chinatidula pakamwa ndi mphepo. Inatsika masitepe, yozizira, n'kugwedeza kalendala pakhoma. Renee anayang'ana pa sofa. Panali bulangete lokha.

Sindinaonepo munthu akukwera masitepe chomwecho. Ine ndinatsalira, ndikukoka mwendo. Nditafika, chitseko cha chipinda chako chinali pululu, zenera lili m'mwamba. Tessa anakhala pazenerapo, miyendo ili kunja padenga la galaja, atavala nsapato za chipale koma wopanda jekete. Denga linali ndi madzi oundana, lonyezimira ngati galasi. Renee anaima pakati pa chipinda, manja ali m'mwamba, osayerekeza kusuntha. Ankangoti, "Tessa, mwana wanga, Tessa," ndi mawu ang'onoang'ono amene sindinawamvepo mwa iye.

Pansi Darrel anali ataona. Anataya fosholo n'kuima m'munsi mwa denga manja atatambasula, nafuula mwansangala yabodza kuti, "Iwe kambuzi iwe, ukufuna undithyole msana? Khala pomwepo, ndikujambule chithunzi!" Mwana anaweramira kutsogolo kuti amuone bwino. Pamenepo Renee anadumpha n'kumukumbatira m'chiuno, onse awiri anagwera chagada pakapeti.

Tinadikira namondwe. Sanabwere. Tessa anangogona pamiyendo ya amayi ake, milomo ili bii ndi kuzizira. Ndinatseka zenera, ndinamufunditsa juzi yanga, ndipo ndinamufunsa kuti, unkafuna chiyani kunjako?

Anati, "Ndimafuna ndidziyese."

Ndinati udziyese chiyani?

Anati, "Ngati ndili ngati amalume. Amayi anati iwo sanaope. Ndiye ndikaopa, ndiye kuti ndilibe."

Renee anafunsa kuti nanga unaopa?

Mwana anaganiza nthawi yaitali, mmene amachitira ndikamupatsa samu yovuta. Kenaka anati, "Sindikudziwa. Ndinali ndi tulo."

Curtis, ndalemba mawu amenewo monga anawanenera, sindinawonjezepo kanthu. Ine ndi mlongo wako tinawamva limodzi, m'chipinda chimodzi, ndipo tinamva zinthu ziwiri. Iye anaona mwana wodwala amene wakwera pazenera lomwelo, monga malume wake, ndipo anati Lolemba m'mawa aimbira a Feld. Ine ndinaona mwana amene tamuveka dzina la munthu wamkulu, ndipo akuyesa ngati likumukwana. Ndinaonanso mwana amene sathanso kudziwa ngati ali ndi mantha kapena ayi. Mwina tonse tikulondola. Masamu anga pamenepa athera.

Darrel anakwera ndi hamala n'kukhoma zeneralo misomali inayi, osandifunsa, ndipo anachita bwino. Atamaliza anaima pakhomo la chipinda nati, "Koma anthu inu. Mwakhala mukukangana za munthu wamoyo ngati anafa kalekale. Munthuyo ali ndi foni. Bwanji osamufunsa mwini mwendo?"

Ndinkayembekeza kuti Renee amukalipira. M'malo mwake anapukuta mphuno ndi dzanja, nayang'ana ine, nati, "Chabwino. Aimbe yekha. Osati kudzera mwa inu, Amayi, ndimve mawu ake ndi khutu langali. Akanena kuti ali mwana anali bwino, kuti zinamugwera atakula, ndimupereka Tessa kwa a Okada milungu itatuyo. Koma akanena kuti zinayamba padenga paja, tikuyamba lithiyamu, ndipo inu simudzatsegulanso pakamwa pa nkhani ya mwana wanga." Ndinavomera. Anawonjezera kuti, "Ndipo akapanda kuimba, ndiye kuti yankho ndi lomwelo, ndikudziwa kale kuti ndi munthu wotani."

Ndiyenera kukuuza kuti a Okada sanaike nkhani yonse pa iwe. Anatiuza kale kuti ubwana wa malume ndi chidutswa chimodzi chabe, sungagamule za mwana wina. Ananenanso kuti angakonde kumva kwa iwe mwini, ngati ungalole. Koma amene asayine pepala ndi Renee, ndipo Renee wapachika zonse pa mawu ako. Si chilungamo kukusenzetsa katundu wotere, ndikudziwa. Ndaganizira ngati kalatayi ingakudwalitse. Muonetse mkazi wako Dolores usanachite kanthu, ndipo ngati ikukulanda tulo, uza dokotala wako. Sindikufuna kupulumutsa mdzukulu potaya mwana.

Pempho langa ndi ili. Imba pasanadutse pa 8 Malichi. Nambala ya Renee ndalemba kuseri kwa tsamba lino, manambala akuluakulu. Nthawi yabwino ndi masana, Tessa ali kusukulu.

Ndipo tamvera bwino, chifukwa apa ndi pamene ndikuopa kuti ungandimve molakwa. Sindikukupempha kuti undiikire kumbuyo. Wawerenga kalata yonseyi, waona kumene mtima wanga wapendekera, sindinabise. Ukudziwanso kuti ukanena kuti Renee akulondola, ndiye kuti kwa zaka khumi ndi zitatu unkadwala patebulo panga ine ndikuchonga mayeso. Unali mwana wachifundo, unkandibisira ngakhale nsapato zikakuthina. Usandichitire chifundo chimenecho tsopano. Ndine nkhalamba, ndipirira. Amene sangapirire bodza lako ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, chifukwa ndiye adzalimeza m'mawa ndi madzulo.

Usamuchitirenso chifundo Renee. Ukhoza kuganiza kuti ukavomereza zimene iye amakumbukira, akukhululukira za ukwati. Mwina angatero. Koma usagule mlongo wako ndi mwana wake.

Ngati kunali Gary ndi mulu wa chipale, nena. Ngati unkamva kuti pansi sipangakukoke, nena, ndipo unene kuti zinkabwera kangati, zinkatha masiku angati. Ngati sukukumbuka, nenanso chomwecho, ngakhale litakhala yankho losakoma kwa tonse. Pamenepo Renee adzayenera kusankha yekha, akuyang'ana mwana wake osati mzukwa wa mchimwene wake.

Umuuzenso za lithiyamu, zonse ziwiri. Umuuze kuti ndi amene anakubwezera moyo, chifukwa ine ndimamuthokoza Mulungu pa kabotolo kameneko. Umuuzenso za manja onjenjemera, ludzu losatha, singano za kuyeza magazi, ndi zimene unandiuza kale kuti zili ngati kumva nyimbo kudzera pakhoma. Iwe unali ndi zaka makumi awiri, unkadziwa mmene nyimboyo imamvekera kale. Tessa sanaimve n'komwe mpaka kumapeto.

Chomaliza si cha madokotala. Zikatheka, upemphe kulankhula ndi mwanayo, ngakhale mphindi zochepa. Chimene amadziwa za iwe ndi denga, ukwati, ndi dzina lonong'ona. Sadziwa kuti umadzuka m'mawa, umamwa khofi, umakangana ndi asodzi za mitengo ya zipangizo, uli ndi galu wa miyendo itatu. Kaya ali ndi matenda ako kaya alibe, ayenera kudziwa kuti munthu ameneyu anatsika padenga n'kukula. Ndiwe malume wake, Curtis. Alibe wina.

Lero kutchalitchi Tessa anakhala pafupi nane. Pa nthawi ya ulaliki anandigwira dzanja lolumidwa lija, n'kumawerenga zipsera za mano ake ndi chala. Anapeza zisanu ndi chimodzi. Anati, "Pepani, Agogo Masamu." Dzina limenelo anali asanalitchule chiyambire Okutobala. Kenaka anagona.

Undiperekere moni kwa Dolores, umuuze kuti nsomba zouma zija zinafika bwino ndipo abusa anadya zambiri kuposa gawo lawo. Moni kwa a Kvasnikoff, abwana ako, ndi kwa galuyo. Uzivala chipewa. Mulungu akusunge, akupatse tulo tabwino ndi chikumbumtima chosakondera.

Ndatseka motere:

Masiku otsala: 18
Masiku a kalata panjira, nyengo ikalola: 6
Otsalira iwe, kuchotsapo la 9 lenilenilo: 11
Mapiritsi amene Tessa amwe kalatayi isanakupeze: 42
Anthu amene akuti akudziwa za tsiku la denga: 2
Anthu amene anali padengapo: 1
Zaka zako pamene zinayamba: ______

Mzere womalizawo sindingathe kuudzaza. Ndausiyira iwe.

Ndine mayi ako,
Ardis Halvorsen